Kunjuta kwa Katapila Pamaso pa Apongozi

Dalitso, Tamara, bwerani kuno nonse awiri. Mafoniwo muwatembenuze, ayang'ane pansi. Ndaona ndi maso angawa zimene mwawachita agogo anu aakazi m'mawa muno. Kuwadzutsa pabedi mwawadzutsa bwino, sindikukana. Koma pofika pampando mwangowataya kuti phi, ngati thumba la makala likutsika palole, mpaka mano awo kugundana. Iwo sanalankhule chifukwa ndinu adzukulu awo. Ine ndilankhula, chifukwa ameneyu ndi mkazi wanga, ndipo mukanadziwa mmene ndinamuvutikira simukanamutaya choncho.

Iwe Dalitso usandiyang'ane chotupa masaya. Ndimakuona kuseri kwa nyumba ukunyamula njerwa, kwinaku ukudzisirira pagalasi la windo. Mphamvu uli nazo, koma ndi za mbali imodzi, monga ndinalili ine masiku amene komboni yonse ya Chawama muno mu Lusaka inkanditchula kuti Katapila, dzina la chigalimoto chokumba misewu chija. Musaseke. Mimba iyi inabwera pambuyo pake.

Zinali zaka zija boma latsopano litangolowa, makampani aboma akugulitsidwa mmodzimmodzi. Ine ndinkagwira ntchito yonyamula matumba a chimanga pakampani ina, ndipo tsiku lina tinangouzidwa kuti manja achuluka, tikapume kunyumba. Kupuma kwake kunalibe tsiku lobwerera. M'masitolo munadzaza zinthu zakunja zimene kale tinkangozimva, zovala za kaunjika, zija timati salaula, zili mbwee m'mbali mwa msewu, koma ambirife tinkangodyetsa maso. Ndinapeza wilibala n'kuyamba kunyamula katundu wa anthu kumsika waukulu wa m'tauni. M'mawa wilibala, masana kwa ba Shadi.

Ba Shadi anali munthu wowotcherera zitsulo, ndipo kuseri kwa nyumba yawo ndi kumene kunali jimu yathu. Musaganize za jimu zanu za m'foni zokhala ndi magalasi ndi nyimbo. Ife tinali ndi ekiselo ya galimoto yakufa, zitini za penti zothiramo simenti, ndi zitsulo zozungulira zochoka mu injini za malole. Anyamata odulidwa ntchito tinkasonkhana pamenepo, poti munthu wopanda ntchito amafunabe pena pake pomuombera m'manja. Ndipo tinali ndi mwambo wathu. Ukanyamula chitsulo n'kuchifikitsa pamwamba, sunkachitsitsa ayi. Unkachitaya. Mwamuna ankadziwika ndi phokoso la chitsulo chake chikamenya nthaka, ndipo wotsitsa pang'onopang'ono tinkamufunsa ngati wanyamula mazira a amayi ake. Ine ndikataya, mayi wa nyumba yoyandikana ankatuluka ndi chikho m'manja akutukwana kuti nkhuku zake zasiya kuikira.

Pamsewu wopita kwa ba Shadi panali mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Esinati. Ndi omwewa mwawatayawa. Ndinkadutsa pamenepo malaya ali paphewa, mpweya nditaugwira kuti chifuwa chikule. Anzake ankatsinana, koma iye ankangotembenuza zitumbuwa zake. Tsiku lina ndinamufunsa ngati amamva mmene ndimagwedezera komboni.

“Nimamvela, ba Katapila,” anatero. “Kunyamula munyamula. Manje kuika pansi simuziba? Mu nyumba yanu mbale zizankalamo?”

Ndinaseka, koma mawuwo ananditsatira mpaka kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo zitumbuwa ndinkagula kawiri patsiku, mpaka anandilola, ndipo tinagwirizana kuti amalume anga, a Jelasi, akaonekere kwa makolo ake kukomboni ya Matero.

Ndiye ndinachita chopusa. Loweruka lina ndinamuitana kuti adzaone ndi maso mwamuna amene wasankha. Ndinawonjezera chitsulo china mbali iliyonse ya ekiselo, ndinanyamula, anyamata anakuwa, ndipo ndinataya monga mwa mwambo. Chitsulo chimodzi chinavuka, chinadumpha pamwala, n'kubwerera molunjika pabondo langa lamanja. Phokoso limene ndinatulutsa tsiku limenelo linaposa la zitsulo zonse za ba Shadi. Kuchipatala ndinapita nditakwera wilibala yanga yomwe, miyendo ili lende, ana akuthamangira m'mbuyo.

Fupa la pabondo linali litasweka. Anandiika chikhakha, chimene inu mumati pulasita, kuyambira pantchafu mpaka kukakolo, ndipo atadzachichotsa ndinafuna kulira. Mwendo wamanzere unali wa Katapila, wamanja unali wa nkhuku. Ananditumiza kuchipinda chophunzitsirako anthu ovulala kuyendanso, komwe ndinapeza mayi wamfupi, woonda, wovala magalasi, ba Sisita Mwape. Anandigoneka pabedi, anapinda kathawulo n'kukaika pansi pa bondo, n'kundiuza kuti ndikapsinje osasuntha mwendo. Ine, munthu wonyamula injini ya lole, ndizipsinja kathawulo! Ndinawathokoza mwaulemu, ndipo sindinabwererenso.

Ndinadzichiritsa ndekha kwa ba Shadi. Ndinkakhala pabenchi, anyamata n'kundisenzetsa ekiselo pamapewa, ine n'kuimirira nayo, kuitaya, kenako n'kudzitaya pabenchipo. Patapita masabata angapo kuimirira kunabwerera ndithu, ndipo ndinkauza aliyense kuti achipatala amangotaya nthawi ya anthu. Zimene sindinkauza munthu ndi zakuti potsika minibasi bondo linkangothawa lokha. Za kuchimbudzi sindinena zambiri pamaso pa Tamara. Ndingoti zimbudzi za nthawi imeneyo zinali zokumba, ndipo ndinamangirira chingwe kudenga.

Tsopano uthenga unabwera kuchokera ku Matero. Bambo ake a Esinati, a Mbewe, anati mawu a ankhoswe awamva, koma akufuna amuone yekha mnyamatayo. A Mbewe anachoka ku Dedza ali mnyamata, monga anachokera ku Malawi bambo anga, ndipo anakalambira pamakina osokera. Anali mkulu wa mpingo, wolankhula Chichewa chakumudzi chosasakaniza, ndipo mowa ankaumva fungo munthu akadali kuseri kwa mpanda. Kwa anthu amenewa mkamwini salowa n'kufikira pampando. Amanjuta chapatali, kuomba m'manja, n'kudikira mpaka atauzidwa kuti adzuke.

Tinapita ndi amalume a Jelasi, ine nditavala jekete ya pasalaula imene mabatani ake sankakumana. Tinawapeza a Mbewe ali pampando wawo, patsogolo pali katebulo, pakatebulo tiyi ndi makapu a alendo, aja amangotuluka m'kabati kawiri pachaka. Ndinayamba kutsika kuti ndinjute. Nditafika pakatikati bondo linati, ine zimenezi sindinaphunzire. Ndinagwa chafufumimba, mutu patebulo, makapu uko, tiyi yense wotentha pathalauza la amalume. Ndipo mwamanyazi ndinadzuka msangamsanga, kamodzin'kamodzi, poti kudzuka ndiye ndinkakudziwa.

A Mbewe anavula magalasi. “A Jelasi, kodi mnyamatayu wadzera kuti? Dzuwa lili pamutu chonchi, iye waledzera kale?”

“Ayi bambo, ndi bondo, anavulala,” anatero amalume, akukupiza thalauza.

“Bondo? Walowa muno akuyenda bwinobwino. Ndipo mwaona mmene wadzukira? Wodwala bondo amadzuka chonchija? Ine mwana wanga sindimupereka kumowa.”

Kudzuka kwanga komwe ndinkanyadira ndi kumene kunandipachika. Choipa china, panali mnyamata wina wogulitsa mabelo a salaula, wa suti yokwana bwino ndi kachikwama m'manja, amene anali atayamba kale kuwapatsa moni a Mbewe kawirikawiri kutchalitchi. Esinati analira masiku atatu, amayi ake anachonderera, ndipo mkuluyo anafewa pang'ono. Anati ndibwerenso Loweruka lomaliza la mwezi wotsatira. Ndikadzagwanso, asadzandionenso pakhomo pawo. Ana inu, ndinachita mantha amene sindinachitepo pansi pa chitsulo chilichonse.

Esinati sanandinyengerere. Anatseka bizinesi ya zitumbuwa tsiku lonse, anandigwira dzanja ngati mwana wothawa sukulu, mpaka kwa ba Sisita Mwape.

“Aa, ba Katapila babwela!” anatero ba Sisita. “Nanga vinsimbi vanu sivinakupoleseni?” Ankanena zitsulo zathu zija.

Esinati anafotokoza zonse, ndi za tiyi zomwe, ndipo ba Sisita anaseka mpaka kupukuta magalasi. Kenako anatenga ndowa ya madzi n'kundipatsa. Anati ndiinyamule popinda mkono, dzanja linalo ndigwire pamnofu wa mkonowo. Mnofu unatupa n'kufupika. Anati imeneyo ndi ntchito yoyamba ya mnofu, kufupika kuti ukoke chinthu, ndipo ndi yokhayo imene ndinkaidziwa. Kenako anati ndiimitse ndowayo pakatikati osasuntha. Mnofu unali gwa, ukugwira ntchito, koma sukufupika kapena kutalika, ndipo imeneyo inali ntchito yachiwiri. Pomaliza anati ndiitsitse pang'onopang'ono madzi asatayike. Ndinamva mnofu ukutalika pansi pa zala zanga, koma ukadali wolimba, ukukaniza ndowa kuti isagwe.

“Iyo ndiye ya chitatu,” anatero. “Iyo ni buleki. Imwe muli monga minibasi ya injini ikulu yamene ilibe mabuleki. Kukwela chulu mukwela, manje poseluka ni kondakita azifaka mwala. Nyama ya pa chibelo, pa ntchafu apa, yamene imakuimililisani ni yamene futi imakuselusani, koma nchito iliyonse ifunika kuipunzila payeka. Mwamvela?”

Ndinati ndamva, koma nkhope yanga inaonetsa kuti sindinakhulupirire. Ndiye anaitana gogo wina amene ankachira ntchafu, wovala duku ndi nsapato za pulasitiki. Anatiimika tonse awiri msana kukhoma, n'kutiuza kuti titsike pang'ono ngati tikukhala pampando woti palibe, tikhale pomwepo. Ndinamumvera chisoni gogoyo. Posakhalitsa ntchafu yanga inayamba kunjenjemera, thukuta kuti chuchuchu, gogo uja akufunsa Esinati kuti zitumbuwa amathira mazira kapena ayi. Ndinatsetsereka kukhoma mpaka pansi. Gogoyo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Limbikila mwana wanga, naine ninayamba so chabe.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinamvera. Kathawulo kaja ndinakapsinja m'mawa uliwonse, mwendo uli chiwongokere, ndikuwerenga mpaka khumi. Ba Sisita anati ntchito yogwira osasuntha ndi imene amayambira nayo munthu wovulala, chifukwa mnofu umadzuka bondo lisanavutitsidwe. Kenako kunabwera njerwa. Osati kuinyamula, Dalitso, koma kuimapo ndi mwendo wodwala n'kutsitsa mwendo winawo pansi ndikuwerenga mpaka zisanu. Njerwa imodzi yokha, yaifupi, koma patapita masiku awiri ndinadzuka ntchafu ikupweteka ngati andimenya ndi musi. Ndinathamangira kwa ba Sisita kukadandaula kuti andiwononga. Anati ntchito yotsitsa imatero ikakhala yachilendo, ululu wake umabwera mochedwa n'kudzatha wokha. Umene ndiyenera kuuopa ndi wobaya mkati mwa bondo kapena kutupa, ndipo ukabwera umenewo ndileke ndibwere kwa iwo.

Vuto linali anthu. Kukomboni kulibe malo obisala. Ndikatsamira khoma la nyumba yanga, nditakhala pampando wosaoneka, ndikunjenjemera, maso ali tong'o, anthu ankaima pamsewu. Tsiku lina mnansi wanga, mnyamata amene anali atangolowa mpingo wina watsopano wopempherera m'kalasi ya sukulu, anandipeza choncho. Sanafunse kanthu. Anandigwira pamutu n'kuyamba kukuwa kuti, “Choka! Choka muli uyu muntu!” Ine sindikanatha kumuyankha poti ndinali pakati powerenga. Nditagwa pansi anakweza manja kuti chiwanda chatuluka.

Kwa ba Shadi ndiye kunali kuseka kokhakokha. Ndinkanyamula kachitini kamodzi ka simenti n'kutsika nako pang'onopang'ono, anyamata akufunsa kuti mazirawo ndigulitsa liti. Dzina la Katapila linatsala pang'ono kundichoka. Zinkandiwawa, sindinama. Koma ndikakumbukira suti ya mnyamata wa salaula uja, ndinkayambiranso kuwerenga.

Chinthu chimodzi chokha chinakana. Bondo silinkapinda mpaka kumapeto. Munthu wabwinobwino akanjuta amakhalira zidendene zake n'kupuma, akhoza kutha ola lonse akucheza. Ine ndinkathera m'malere, matako osafika pazidendene, thupi lonse litapachikika pantchafu. Ba Sisita anati kupindako kudzabwera ndi nthawi, koma osati mwezi umenewo. “Mupempele chabe kuti ba mudala basakambe maningi,” anatero.

Loweruka lija linafika. Amalume a Jelasi anavala thalauza lakale n'kukhala kutali ndi tebulo. Makapu a alendo sanatuluke, panali a zitsulo. Ndinaima pakhomo, ndinapuma, n'kuyamba kutsika. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, mumtima. Ndinafika pamene bondo linandilola, ndinaima pomwepo, ndinaomba m'manja. Palibe chinagwa. Ndinamva Esinati akutulutsa mpweya kuseri kwa katani.

Pemphero la ba Sisita silinayankhidwe. A Mbewe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti bambo anga kwawo kunali kuti. Nditati ku Ntcheu, nkhope yawo inawala, ndipo anayamba kufotokoza ulendo wawo wochoka ku Dedza. Anayambira pa tsiku limene anatsanzika amayi awo. Anatchula mudzi uliwonse umene anagonamo, ndi chimene anadya m'mudzimo. Pofika pamalire ntchafu zanga zinali zikuyaka moto. Pofika ku Chipata, kumene iwo ankakutchulabe dzina lachitsamunda, thukuta linkadontha kuchibwano. Ndinkalakalaka akwere lole, koma mkuluyo anayenda wapansi mpaka ku Katete, ndipo kumeneko anadwala malungo sabata yathunthu. Miyendo inkanjenjemera mpaka ndalama zachitsulo zinkalira m'thumba la jekete. Ndinangoyang'ana mwendo wa tebulo n'kumawerenga mpaka khumi, kubwereza, kubwerezanso, ndikukumbukira gogo wa nsapato za pulasitiki.

Atawoloka Luangwa n'kufika mu Lusaka, anati, “Chabwino. Dzukani, mukhale pampando.”

Ana inu, ndinalephera. Ine Katapila, amene kudzuka inali ntchito yanga yokhayo padziko lapansi, ndinauza miyendo kuti tiyeni, miyendo inakhala chete. Kugwa sindinafune, kudzuka sindikanatha. Ndinangoti, “Pepani bambo, ndithandizeni.”

Mkuluyo anadzuka yekha, anandigwira m'khwapa mbali iyi, amalume mbali inayo. Pondikoka anabweretsa mphuno yawo pafupi ndi pakamwa panga, ndipo ndinawamva akununkhiza kawiri. Atandikhazika pampando anapinda thalauza langa n'kuona chipsera, n'kuonanso kuti ntchafu imodzi ndi yaing'ono kuposa inzake. Kenako anandifunsa:

“Ndiye nthawi yonseyi munali m'malere? Bwanji osanena?”

“Munali musanafike ku Lusaka, bambo.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaitana mkazi wawo. “Mayi, tulutsani makapu aja otsala. Mwanayu si wa mowa. A Jelasi, nkhani yanu ija tailandira.” Ndipo pobwerera pampando wawo ndinaona kuti nawonso amangodzitaya, poti mawondo awo anali atatha ndi makina osokera. Mwezi wotsatira ndinawapititsira njerwa, ndipo apongozi anga, mkulu wa mpingo, ankatsika panjerwa kuseri kwa nyumba akuwerenga mpaka zisanu, atatseka geti kuti akhristu asawaone.

Kwa ba Shadi ndinabwererako, koma sindinatayenso chitsulo. Ndinapeza kuti kutsitsa ekiselo mwakachetechete n'kovuta kuposa kuiponya, ndipo anyamata amene anayesa kunditsanzira anayenda chotang'adza masiku atatu. Nkhuku za mayi uja zinayambiranso kuikira, ndipo anandipatsa mazira awiri osanena chifukwa chake.

Zitsulo zonsezo zinapita kwa ogula zitsulo zakutha. Ba Shadi anatisiya, a Mbewe anatisiya. Chimene chinatsala ndi chija ndinaphunzira panjerwa. Chichitikireni sitiroko ya agogo anu, zaka zitatu tsopano, ndine ndimawachotsa pabedi m'mawa uliwonse. Ndimawadzutsa, ndimawagwira chiimire mpaka chizungulire chithe, kenako ndimawatsitsira pampando ndikuwerenga mpaka zisanu. Ntchito zitatu zija zonse. Sanamvepo mpando ukuwamenya, mpaka lero.

Mukudziwa chifukwa chake ndinakutumani inu m'mawa muno? Sikuti ndinali ndi ulesi. Bondo lija layambiranso. Dzulo powatsitsa linathawa pa zitatu, ndipo ndinachita kudzigwira pakhoma kuti tisagwe tonse. Iwo anamva, koma sananene, ndipo inenso sindinanene. Ndili ndi mantha, ana inu, mantha omwe aja a ku Matero. Owanyamula sadzasowa, pakhomo pano pali anthu amphamvu. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi wowatsitsa.

Imvani, akuitana, akufuna kukakhala panja padzuwa. Dalitso, pita mbali yodwalayo, Tamara mbali inayo. Mapazi mutalikitse, msana uwongoke, mupinde mawondo anu osati msana. Mukafika pampando musawasiye mpaka mutamva kuti mpando wawalandira. Ine ndiima kumbuyo kwanu, manja ndipinda. Esinati, usaope, ndi adzukulu a Katapila awa. Tiyeni, mokweza, tonse: chimodzi, ziwiri, pang'onopang'ono Dalitso, zitatu.